Mizere Iwiri pa Khadi la Kabokosi ka Ndege

At-Bashy, 9 Malichi 2009

"Ofesi yoona za ndege ikudziwitsa eni ndege zing'onozing'ono onse kuti pofika pa 1 Juni chaka chino, ndege iliyonse ikhale ndi kabokosi katsopano koitanira opulumutsa. Ndege ikagwa, kabokosika kamalira kokha, setilaiti imamva, ndipo a kunyumba kwa woyendetsa ndegeyo amadziwitsidwa mphindi khumi zisanathe."

Alamu,

Ndayamba ndi mawu a ofesi chifukwa ndi amene andilembetsa kalatayi. Moni ndiye nawu tsopano. Muli bwanji ku Sharjah? Ndege za Aarabu mukuzikonzabe? Kuno tili bwino. Chipale chofewa chikusungunuka, msewu wasanduka phala, nkhosa zayamba kuswa. Bambo ali bwino, akungodandaula bondo.

Pepala ndakoperali ndalipeza m'thumba la jekete la mng'ono wanu, amuna anga a Kubat, atakulungiramo njere za mpendadzuwa. Ndinawafunsa kuti kabokosi katsopanoko kali kuti.

"Iwe, kakale kaja kali bwinobwino," anatero. "Ndikakamenya ndi sipanala kamalira ngati mbuzi."

"Nanga akumva ndani?"

"Mulungu."

Ndinati Mulungu alibe helikopita. Iwo anati ndikuwalodza, n'kutuluka.

Inu mumagwira zinthu zimenezi tsiku ndi tsiku. Ndiuzeni zoona: kakaleko kadakali ndi ntchito, kapena tikungonyamula njerwa kumchira kwa ndege? Chilimwe chikubwera, ayambanso kutengera abusa a ziweto mchere ndi ufa kumapiri a ku Ak-Sai, okhaokha m'kandege ka mipando inayi kamene kanabadwa ine ndisanabadwe.

Pa foni sindingafunse, chifukwa inu mukaimba nyumba yonse imazungulira foni ngati mbaula. Kalatayi ndapatsira mayi Anarkan, aja amakaoda nsalu ku Dubai. Ndimagwira ntchito ku positi, n'chifukwa chake sindinaiponye pa positi.

Mlamu wanu,
Kunduz

Sharjah, 27 Malichi 2009

Kubat, mng'ono wanga,

Moni kwa Bambo, kwa bambo aang'ono a Jumadil, kwa mlamu wanga ndi ana. Ine ndili bwino, kungoti kuno kwayamba kale kutentha, zitsulo zikuotcha manja.

Ndamva kuti kabokosi kako umakayesa ndi sipanala. Usafunse kuti ndamva kwa ndani. Kamaliradi, koma kuyambira mwezi wathawu setilaiti inasiya kumvera ta mtundu umenewo. Ukagwa nako ku Ak-Sai adzakumva ndi akhwangwala.

Ndayenda m'mashopu sabata yathunthu. Tilipo ta mitundu iwiri. Koyamba kamatchula dzina la ndege ndi malo amene yagwera, koma kamafuna waya wochokera ku chipangizo cholozera njira, ndipo iwe chako umachimangirira pa bondo ndi mphira. Kachiwiri kamangotchula dzina. Malo amawapeza pambuyo pake setilaiti ina ikadutsa pamwamba, mwina pakatha ola, mwina awiri, ndipo m'mapiri mwathumo mwina osawapeza n'komwe. Ndatenga kachiwirika chifukwa ndi kamene ndege yako ingathe.

Tsopano mvetsera, usawerenge uku ukutafuna. Ukaike kumchira, pa nthiti yolimba ya ndege, osati pa lata. Pamwamba pake pali muvi. Muviwo uloze kutsogolo. Ukaulozetsa kumbuyo, ndege idzagunda phiri kabokosi kali m'tulo. Eriyo ikhale pamsana, waya wake waufupi. Swichi uisiye pakati nthawi zonse. Poyesa, yesa kamodzi kokha ola likangokwana, osati kusewera nako kuti alendo aone.

M'katoni muli khadi, ndipo limeneli ndi lofunika kuposa zonse ndanenazi. Lili ndi mizere iwiri ya anthu oti aimbiridwe foni. Timabokositi tambiri timalira pachabe, choncho opulumutsa amayamba aimba kufunsa ngati ndege ilidi m'mwamba, komanso kuti yalowera kuti. Ulembepo munthu amene amadziwa njira zako, amene foni yake siizima.

Undiyankhe msanga. Bondo la Bambo lili bwanji?

Mkulu wako,
Sagyn

At-Bashy, 30 Epulo 2009

Achimwene,

Moni. Tonse tili moyo, kuphatikizapo ine, zomwe ndikuona kuti zikukudabwitsani. Ndauluka zaka khumi ndi zinayi, ndipo mphatso yoyamba imene mwanditumizira ndi ya tsiku limene ndidzagwe. Zikomo kwambiri. Chaka chamawa munditumizire nsanda, yosapyapyala.

Katundu anabwera ndi mayi Anarkan, koma anafikira kwa Bambo, poti ndi mphatso ya mwana wamkulu. Kabokosi kanakhala masiku asanu ndi anayi pamwamba pa mulu wa zofunda, kumalo a alendo olemekezeka. Anthu anabwera kudzakaona, nkhosa inafa. Bambo aang'ono anafuna kukayatsa kuti amve mawu ake, ndinachita kuwalanda ngati mwana wagwira mpeni.

Ndakaika dzulo. Ndinakwawira kumchira chamutu, mapazi ali kunja. Mlamu wanu anaima panja ndi kalata yanu, akuwerenga mokweza ngati shehe.

"Muvi ukuloza kuti?"

"Kutsogolo."

"Inu mwayang'ana kumchira. Onaninso."

Ndinaonanso. Ndinamasula mabawuti anayi onse n'kuyambiranso. Musamuuze kuti ndavomera.

Tinayesa 10 koloko yeniyeni. Kanathwanima, kanalira kamodzi, basi. Mukhoza kumagona tulo tsopano.

Khadi silinalembedwe. Nkhani yake yakula kuposa kabokosi, ndipo ine ndaithawa. Muli ndi mkazi kumeneko kapena mukungokwatira ndege? Bambo akufunsa, osati ine.

Kubat

At-Bashy, 18 Meyi 2009

Alamu,

Moni. Tili bwino, mapiri ayamba kubiriwira kumunsi. Zikomo chifukwa cha kabokosi. Nkhani ya khadi yatha Lachisanu, ndipo ndikufuna muimve kwa ine.

Tinakumana kwa Bambo, amuna ali kumtunda, ine pafupi ndi chitseko ndi ketulo, malo a mtengwa. Bambo anati za mzere woyamba palibe chokambirana, mutu wa banja alipo. Bambo aang'ono anati za mzere wachiwiri palibenso chokambirana. Mizere inatha ine ndisanamalize kuthira tiyi.

Poti akulu sindingawalunjike, ndinayankhulira kwa a Kubat.

"Bambo akukwera kumapiri ndi ziweto pa 5 Juni, kutsika Okutobala. Kumeneko foni imagwira?"

"Imagwira," anayankha bambo aang'ono. "Ukakwera pa chitunda chija n'kuimirira pa hatchi, imagwira. Mtengwa asade nkhawa, ine ndilipo."

"Nanga bambo aang'ono amadziwa kumene ndege imalowera m'mawa uliwonse?"

"Kumwamba!" anatero, amuna onse n'kuseka. A Kubat anaseka nawo, maso ali m'kapu.

Bambo ndiye anatseka nkhani. Anati kuyambira makolo athu, mkazi sauzidwa za tsoka la mwamuna wake ndi mlendo, ali yekha, pa foni. Amayamba kumva ndi amuna, n'kubwera gulu kudzamuuza atakhala pansi. Anati akunditeteza, ndipo ndikukhulupirira kuti amanena kuchokera mumtima. Ndinafuna kunena kuti foni imeneyo si yolengeza maliro, ndi yofunsa njira, koma ketulo inali itaphwa ndipo onse anali kuyang'ana ine.

Inu ganizani. M'mawa uliwonse a Kubat amandiuza zigwa zimene apite, ine n'kulemba pa kalendala ya kukhitchini. Ku bwalo la ndege amangolemba kuti Ak-Sai, ndipo Ak-Sai mukuidziwa, kuidutsa pa hatchi ndi masiku anayi.

Tsono m'banja muno wolemba bwino ndine, choncho khadi anandipatsa ine. Mzere woyamba ndalemba dzina la Bambo ndi nambala yawo. Wachiwiri ndalemba dzina la bambo aang'ono, zilembo zokongola zedi, ndi nambala yanga. Iwo anayang'anitsitsa dzinalo n'kuyamikira dzanja langa. Nambala yawo saidziwa pamtima, poti munthu sadziimbira yekha.

Khadi lapita ku ofesi ya ndege ku Bishkek. Izi tikudziwa inu ndi ine basi. Kalatayi muing'ambe.

Kunduz

Sharjah, 6 Juni 2009

Mlamu wanga,

Moni kwa inu ndi ana. Kalata yanu ndaing'amba monga munanenera, koma ndinayamba ndaseka mpaka anzanga anabwera kudzafunsa. Mwachita bwino. Bambo aang'ono akhale ndi dzina lawo pa pepala la boma, inu mukhale ndi foni, aliyense wapeza chake. Akanaimbiridwa iwo, akanayamba kufunsa woimbayo kuti ndi mwana wa ndani, wa fuko liti, agogo ake ankaweta kuti, Kubat akuzizidwa kuphiri.

Ndikulemba mothamanga, mayi Anarkan akudikira pa geti. Ndaika kalatayi m'phukusi la mankhwala a bondo la Bambo kuti isasowe.

Sagyn

At-Bashy, 24 Juni 2009

Kwa mwana wathu Sagyn,

Mtendere ukhale nawe kudziko la eni. Ife kuno Mulungu akutisunga. Bambo ako anakwera kumapiri bwinobwino, ziweto zonse zafika.

Popeza iwo kulibe, phukusi lako mayi Anarkan anasiya kwa ine, monga wamkulu wotsala. Nditapezamo kalata ndinasangalala. Ndinaiwerenga mokweza, monga timachitira ndi kalata zochokera kunja, pamaso pa alendo asanu ndi awiri. Ndinafika pa mawu a "agogo ake ankaweta kuti" ndisanazindikire kuti wosekedwayo ndine.

Sindikudandaula. Ndinakukweza pa hatchi uli ndi zaka zitatu, ndinakusenza pamsana tsiku la mdulidwe wako, koma sindikudandaula. Munthu akakhala kunja nthawi yaitali, zina zimamuthawa.

Lolemba ndinakwera galimoto kupita ku Bishkek, maola asanu ndi limodzi, ndipo ndakonzetsa cholakwikacho. Nambala ili pa dzina langa tsopano ndi yanga. Ndagulanso foni yatsopano, ili pa lamba usana ndi usiku, ngakhale ku mzikiti. Asanene munthu kuti Jumadil anagona pa udindo.

Mtengwa sindinamukalipire. Ndangosiya kulandira tiyi kuchokera m'manja mwake.

Chikadzachitika chimene sitikuchifuna, Mulungu atitalikitsire, ndikudziwa chochita. Ndakanenapo maliro khumi ndi anayi m'dera lino, ndipo palibe mkazi amene anagwa pansi ali yekha. Zimenezi sizilembedwa m'mabuku a ndege.

Bambo ako aang'ono,
Jumadil

At-Bashy, 2 Ogasiti 2009

Alamu,

Moni. Papita milungu isanu ndi itatu simunalembe. Kapena manyazi akugwirani dzanja? Yanga munaing'amba, zikomo. Yanu ndiye inawerengedwa ngati ya ku wailesi.

Za kunyozeka sindikuzitengera, mtengwa amazolowera. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi: munthu woyamba pa khadi ali kumene foni siigwira, wachiwiri sadziwa njira. Ndinayesa kumalemba zigwa za tsikulo pa kapepala n'kukasiya pakhomo pa bambo aang'ono ndikamapita kuntchito. Timapepalato amandibwezera tosatsegula, tomangidwa bwino ndi ulusi.

A Kubat akuti, "Zisiye, sindinakonze zogwa." Ndege ikachedwa theka la ola ndimapezeka ndaima pakhomo la positi, chidindo chili m'manja, anthu akundidikira pa mzere.

Lembani kwa Bambo. Inu ndinu mwana wamkulu, kabokosi munagula ndinu, akumverani. Mzere umodzi wokha. Ngati dzina langa likuwawa, alembe la mwana wathu, la galu, la aliyense, bola nambala ikhale yanga.

Kunduz

Sharjah, 10 Seputembala 2009

Mlamu,

Moni. Pepani, ndinalakwa, ndipo ndakhala ndikuyamba kalatayi n'kuisiya. Mukunena zoona. Koma taonani zimene pepala latichitira kale. Ndikalembanso, iwerengedwanso pagulu, ndipo Bambo sangabwerere m'mbuyo pamaso pa mng'ono wawo. Nkhani ngati iyi imafuna kukhala pansi, anthu awiri.

Ndapempha tchuthi cha Novembala. Ndidzayankhula ndi Bambo ndekha, kenako tidzapita ku Bishkek ndi inu. Ndi miyezi iwiri yokha. Kubat wauluka zaka khumi ndi zinayi osagwa, iwiriyo sangalephere.

Ana akukula bwanji? Ndiwabweretsere chiyani?

Sagyn

Naryn, kuchipatala, 21 Okutobala 2009

Alamu,

A Kubat ali moyo. Ndayamba ndi zimenezo chifukwa ndaona mmene kuzungulirazungulira kumapwetekera. Moni. Kalata yanu ya Seputembala yafika dzana. Pa foni anakuuzani kuti mng'ono wanu wavulala pang'ono. Nayi nkhani yonse.

Lachiwiri la sabata yatha, pa 13, anapita ku chigwa cha Kok-Kiya, ku Ak-Sai, kukasiya mankhwala a ziweto. Pobwerera ali okha injini inazima. Anatera pamtsetse, matayala anamira m'chipale, ndege inagadabuka. Kabokosi kanu kanagwira ntchito, musadandaule. Koma eriyo inakhala kunsi, ndiye setilaiti inangomva dzina, malo ayi.

Opulumutsa anaimbira Bambo, foni yosagwira, anali panjira akutsika ndi ziweto. Anaimbira bambo aang'ono, amene anayankha itangolira kamodzi. Mayi amene anaimbayo wandiuza yekha mmene zinayendera.

"Kabokosi ka ndege ya a Kubat kalira. Kodi ali m'mwamba lero? Alowera chigwa chiti?"

"Mwana wanga, ndamva. Usanenenso zambiri, si za pa foni izi. Zotsalazo tichita ife."

Atatero bambo aang'ono anazimitsa foni, kuopa kuti nkhani ingandifike mwachisawawa. Mayiyo anaimbanso kakhumi ndi kamodzi. Helikopita inanyamuka masana, inazungulira mbali ina ya Ak-Sai mpaka mafuta anachepa, n'kubwerera.

Nthawi yonseyo bambo aang'ono sanakhale pansi. Anatuma wa hatchi kukachingamira Bambo, anasonkhanitsa akulu anayi, anamangitsa chihema cha maliro kuseri kwa nyumba yawo, hatchi ya ndiwo za pamaliro inaphedwa monga mwa mwambo. Ine ndinali ku positi, foni ili m'thumba la diresi. Anati kuntchito si malo ouzira munthu, adikira ndiweruke. Ndinangoona kuti tsiku limenelo anthu a pa mzere anali aulemu modabwitsa.

Nditafika kunyumba analowa asanu, zipewa kumutu. Ndinathira tiyi. Bambo aang'ono analandira kapu m'manja mwanga, koyamba chichokere Juni. Anayamba ndi kunena kuti tonse ndife alendo padziko, anatchula agogo anu ndi agogo awo. Ndinawadula.

"Mwauona mtembo?"

"Mtengwa, limba mtima."

"Ndati mwauona?"

"Kabokosi kalira. A boma aimba."

"Afunsa chiyani?"

Anayang'ana anzawo. "Anafunsa chigwa. Akufuna kukatenga thupi, ndi ntchito yawo."

Alamu, mundikhululukire, ndinagwira lamba wa bambo aang'ono pamaso pa akulu. Ndinatenga foni ija, ndinaiyatsa, ndipo inalira ili m'manja mwanga. Ndinathamangira kukhitchini n'kuwerenga pa kalendala. Mayi uja anati zikomo, koma dzuwa lapendeka, pakati pa mapiri sangauluke mpaka kuche.

M'mawa anawapeza patangotha mphindi makumi awiri ndi zisanu atalowa m'chigwacho. Anali atathyoka ntchafu, atadzikulunga m'matumba a ufa. Ntchafu ipola. Phazi lamanja linauma ndi chisanu usiku umenewo, alidula theka. Adokotala akuti akanabwera nawo Lachiwiri lomwelo akanangowapaka mankhwala. Kuyenda adzayenda. Za ndege sitinakambe, ndipo iwo sanafunse.

Chimene afunsa ndi hatchi. "Anandiphera iti?" Ndinati yofiira ija. "Yonenepa ija? Ndiye kuti amandikonda." Anaseka, kenako anatembenukira kukhoma nthawi yaitali.

Nyamayo sinawonongeke. Lachinayi chihema chomwecho chinasanduka cha chithokozo, anthu anadya mpaka kumasula malamba. Bambo aang'ono anayankhula bwino kwambiri, anati Mulungu wamva mapemphero a akulu. Bambo sanadye. Anabwera kuno Lachisanu, anakhala pambali pa bedi, dzanja lili pa bulangeti pomwe phazi lathera. Potuluka anaima pafupi nane ngati anena kanthu, n'kungondifunsa ngati ndadya.

Novembala mubwere ndithu, ana akukudikirani. Ku Bishkek kokha palibenso chopitira. Mubwere ndi ndodo yabwino, za kuno ndi zazifupi.

Mlamu wanu,
Kunduz

Mayi wa ku ofesi uja wandiwerengera za m'buku lawo. Kabokosi kanalira 10:12 m'mawa. Ine ndinamva 5:40 madzulo, tiyi wachiwiri atathiridwa.